AI Yachotsa Munthu pa Chithunzi cha Ukwati, Koma Yasiya Chigamba

Achemwali ena a ku Chilomoni, omwe amajambula maukwati ndi zinkhoswe, atitumizira imelo iyi: "Ndinajambula mkwati ndi mkwatibwi panja pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mishoni. Kumbuyo kwawo kwaima bambo wina ali pa foni, chigongono chake chalowa kuseri kwa velo, ndipo pansi pali botolo. Ndamufufuta ndi AI mu Photoshop, koma njerwa zapindika, mthunzi wake watsala, ndipo nditapulinta pa A3 malowo akuoneka ngati chigamba. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, tiyambe ndi zomwe Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi ya kampani ya Adobe, imachita. Khoma lomwe linali kuseri kwa bamboyo kamera yanu sinalione, choncho palibe chomwe AI ikuvundukula. Ikungopeka. Zida zopekerazi zili mitundu iwiri. Content-Aware Fill, yomwe inabwera ndi Photoshop CS5 mu 2010, imatola tizidutswa pa chithunzi chomwecho n'kumata pamene pabooka. Generative Fill ya 2023, yomwe imayendera Firefly, AI ya Adobe, imajambula chinthu chatsopano potengera zithunzi zambirimbiri zomwe inaphunzirapo. Yoyambayo ikalakwitsa imabwereza, mumapeza njerwa yokhala ndi mng'alu womwewo ili malo atatu. Yachiwiriyo ikalakwitsa imanama, imaika zenera pomwe panalibe zenera.

Ndiye mwasankhanso khoma lovuta. Tchalitchi chimenechi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndipo njerwa zake zinaumbidwa m'maonekedwe osiyanasiyana, zina zotuluka, zina zokhota. AI imadziwa bwino khoma wamba la mizere yowongoka. Ikafika apa imasakaniza ziwirizo, ndipo munthu amene amapemphera pa Mishoni pamenepo sachedwa kuona kuti khomalo si lawo.

Musanakhudze chilichonse, onani fayilo yomwe mukugwirirapo ntchito. Ikhale yochokera pa khadi la kamera, RAW (fayilo yosapanikizidwa ya kamera) kapena JPEG yaikulu. Chithunzi chomwe chadutsa pa WhatsApp chachepetsedwa kale, ndipo AI ikapeza mbuu imapekanso mbuu. Mukatsegula dinani Ctrl+J kuti mukhale ndi layer yachiwiri, kope la chithunzicho losanjikizidwa pamwamba, yoyambayo isakhudzidwe.

Botolo silivuta. Tengani Remove Tool, yomwe ili gulu limodzi ndi Spot Healing Brush. Burashi ikhale yokulirapo pang'ono kuposa botololo. Chotsani chizindikiro pa "Remove after each stroke" kuti mupake botolo ndi kamthunzi kake pamodzi, kenako dinani Enter. Basi.

Ntchito yeniyeni ili pa bamboyo, ndipo zambiri zimaonongekera pa kazunguliridwe. Ambiri amadina Object Selection, chida chozungulira chinthu chokha, mzere wozungulirawo n'kugwira thupi lenileni la munthuyo, iwo n'kusangalala kuti wadulidwa bwino. Pochotsa munthu, kudula kolondola koteroko ndiye kolakwika. M'mphepete mumatsala kamzere ka mtundu wa suti yake, AI ikakaona imaganiza kuti pakufunika chinthu chakuda, ndiye imadzaza ndi chakuda. Pitani ku Select, Modify, Expand. Pa chithunzi cha mapikiselo (timabokosi ting'onoting'ono topanga chithunzi) 6000 ndi 4000 onjezani 15 kapena 20, kuti mzerewo udye pang'ono khoma mbali zonse.

Mthunzi nawo ulowe mu mzerewo. Tengani Lasso, chida chozungulira pamanja, gwirani Shift, muuzungulire wonse mpaka pomwe wathera. Mthunzi wotsala sungonyansa kokha ayi. Generative Fill ikaona mthunzi wopanda mwini imamupezera mwini, ndipo n'chifukwa chake ena amachotsa munthu n'kupeza pamera mtengo, mpando kapena munthu wina wachilendo. Chakumasana mthunzi umakhala wamfupi, wobisala pansi pa nsapato, ndiye umaiwalika msanga. Ngati pafupi pali galimoto ya akwati, yang'ananinso pa chitseko ndi pa magalasi, mwina bamboyo akuonekeranso mmenemo.

Mukatsegula Generative Fill, bokosi lolembamo mawu lisiyeni lopanda kanthu, mungodina Generate. Mukalemba kuti "remove man", pulogalamuyo nthawi zambiri imangogwira liwu loti man n'kukubweretserani mwamuna wina. Ngati mukufuna kulemba, lembani chomwe mukufuna kuti chikhalepo, monga "old red brick wall". Imatulutsa zitsanzo zitatu pa layer yakeyake. Dziwani kuti ntchitoyi imachitikira pa makompyuta a Adobe, osati pa laputopu yanu, choncho imafuna intaneti, imadya bandulo, ndipo imawerengedwa pa ma generative credits, mlingo wa ntchito za AI womwe akaunti yanu imaloledwa. Kudina Generate kakhumi poyembekezera mwayi n'kutaya ndalama. Zitatu zoyamba zikaipa, vuto lili pa mzere wanu, bwererani mukaukonze.

Tsopano pa velo paja. Musalole kuti AI ikhudze akwatiwo. Ikagwira dzanja imasintha zala, mphete imasungunuka, maluwa a pa velo amasanduka phala. Chitani izi: pa layer yoyamba dinani Select Subject, musiye akwati okha, mudine Ctrl+J, layer yawoyo muikweze pamwamba pa onse. Kenako pansi pake fufutani bamboyo momasuka, mzere wanu uzilowa mpaka mkati mwa velo. Zomwe AI iononge pamenepo ziphimbidwa ndi layer ya pamwambayo. Chotsala n'chakuti velo imaonekera mkati, ndiye mdima wa chigongono chija uzionekabe kudzera mu nsaluyo. Apa AI siithandiza. Tengani Clone Stamp, chida chokopera malo ena n'kupaka pena, burashi yofewa, opacity (mphamvu ya kupaka) pa 30 peresenti, gwirani Alt n'kudina pa velo poyera pafupi, muzipaka pang'onopang'ono potsata momwe nsalu yagwera. Ndi ntchito ya mphindi zingapo, koma ndi pamene maso a mkwatibwi adzayambire kuyang'ana.

Za njerwa, njira yabwino koposa si ya AI n'komwe. Pa ukwati simujambula kamodzi. Fufuzani pa khadi, mwina pali chithunzi china cha malo omwewo chomwe bamboyo anali atasuntha. Ikani ziwirizo mu fayilo imodzi, sankhani ma layer onse awiri, pitani ku Edit, Auto-Align Layers, kenako ndi mask, yomwe imabisa mbali ya layer ya pamwamba, mutsegule khoma lenileni pamene iye anaima. Ngati palibe, tchalitchicho sichinasamuke. Kuchokera ku Chilomoni si patali. Pitani nthawi yofanana ndi ya tsiku lija, ndi lenzi yomweyo, muime pamene munaima, mujambule khoma lopanda munthu. Ife tingasankhe ulendo umenewo kusiyana ndi kulimbana ndi njerwa zopeka madzulo onse. Zikakanika zonsezi, lolani AI idzaze, kenako muwongole ndi Clone Stamp, mukuonetsetsa kuti mizere ya pakati pa njerwa ikukumana mbali zonse ziwiri. Diso limakhululuka mtundu ukasiyana pang'ono, koma mzere wothyoka limauona pomwepo.

Chigamba cha pa A3 chili ndi zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kukula. Generative Fill itangotuluka inkajambula mapikiselo 1024 okha m'litali ndi m'lifupi, n'kutambasula kuti akwane malo omwe mwazungulira. Zatsopano zawongolerako, koma mpaka pano malo aakulu amatuluka ofewa kuposa chithunzi cha kamera. Pepala la A3 pa 300 dpi (mapikiselo 300 pa inchi iliyonse) limafuna mapikiselo 3508 ndi 4961. Ngati bamboyo ndi wotalika mapikiselo 2500 pa chithunzi chanu, chodzaza cha 1024 chatambasulidwa koposa kawiri. Pa sikirini ya foni simungaone, pa pepala zimaonekera patali. Mankhwala ake ndi awa: mukamuchotsa koyamba, bwerezani kudzaza malowo m'zigawo zosapitirira mapikiselo 1000, kumtunda, pakati, kumunsi, chigawo chilichonse chikulowa pang'ono mu chinzake.

Chachiwiri ndi timadontho. Chithunzi chilichonse cha kamera chili ndi timadontho ting'onoting'ono, makamaka ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) ikakwera, pomwe chopeka cha AI chimakhala chosalala see. Pa layer yodzazayo pitani ku Filter, Noise, Add Noise, musankhe Gaussian ndi Monochromatic, muyambe ndi 1 peresenti, muzikweza mpaka 2 kapena 3 mukuyerekeza ndi khoma la pambali. Poyerekezapo dinani Ctrl+1 kuti muone chithunzicho pa 100 peresenti. Musanalipire A3 ina, dulani kachigawo kokonzedwako mukapulintitse pa kapepala kakang'ono pa mlingo womwewo.

Simunafunse za mawaya a magetsi, koma mu Blantyre muno, kaya ku Ndirande kaya ku Limbe, ndi ochepa malo omwe mungaloze kamera kumwamba osawagwira. Photoshop 2025 ili ndi Find distractions mkati mwa Remove Tool, pomwe mumasankha Wires and cables. Pa thambo loyera imachita bwino. Pomwe waya wadutsa pa nthambi za jakaranda kapena pa denga, kuzani muone, chifukwa imatha kudula nthambi kapena kudya m'mphepete mwa malata. Pochita pamanja, dinani ndi Spot Healing Brush poyambira, gwirani Shift, mudinenso patsogolo. Waya amalendewera, ndiye muziyenda mtunda waufupi nthawi imodzi.

Kwa amene alibe laputopu, foni ikhoza kuthandiza. Magic Eraser inayamba ndi foni ya Google ya Pixel 6 mu 2021 ndipo mu 2024 inatsegulidwa kwa ogwiritsa ntchito Google Photos pa mafoni ena. Samsung ili ndi Object Eraser mu Gallery, ma iPhone atsopano ali ndi Clean Up, ndipo Healing ya mu pulogalamu ya Snapseed ndi yaulere, imagwira popanda intaneti. Izi n'zokwanira pa chithunzi cha pa Facebook kapena botolo la pa kapinga, koma osati velo ya pa felemu ya pabalaza. Masamba aulere a pa intaneti ambiri amabweza chithunzi chochepetsedwa, komanso mumakhala mwapereka nkhope za makasitomala anu kwa anthu osawadziwa.

Chinanso, achemwali: afunseni eni ukwati kuti bamboyo ndi ndani. Kwa inu ndi munthu wotchinga khoma, kwa iwo mwina ndi ankhoswe kapena amalume ochokera kumudzi. Sungani fayilo ya Photoshop (PSD) ndi ma layer ake onse kuti akati abwerere musayambirenso. JPEG yopita kopulinta ikhale pa quality yapamwamba, ndipo muipereke pa fulashi, kapena pa WhatsApp ngati Document kuti isachepetsedwe m'njira.