Mafunso Anu: Kodi Dedza ndiyo sekondale yoyamba m'Malawi?

Funso: Mwana wanga wasankhidwa kukayamba Fomu 1 ku Dedza Government Secondary School. Amalume ake akuti imeneyi ndiyo sekondale yoyamba m'dziko muno, koma bambo ake akutsutsa. Zoona n'ziti? Nanga ndimukonzere chiyani? Mayi wa ku Ntcheu

Yankho: Mayi, uzani amalume kuti aphonya pang'ono. Sekondale yoyamba ndi Blantyre Secondary School, yomwe mamishoni a mipingo ya Chipulotesitanti anatsegula mu 1940. Akatolika anatsegula yawo ku Zomba mu 1942, ija anthu amangoti Box 2. Boma la atsamunda linabwera pambuyo, ndipo sekondale yoyamba imene linamanga ndi ndalama zake ndiyo ya Dedza, mu 1951. Ya Mzuzu inatsatira mu 1959. Ndiye Dedza ndi yoyamba ya boma, osati yoyamba m'dziko.

Masiku amenewo masekondale a m'Nyasaland anali owerengeka pa zala, moti wofika ku Dedza ankadziwika mudzi wonse. Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter anaphunzira pomwepa. Amene anaphunzirapo kale amaitchula Box 48, potengera nambala ya bokosi lake la makalata. Lero ndi imodzi mwa masekondale a nashonolo, ya anyamata okhaokha, ndipo imatenga amene akhoza bwino kwambiri mayeso a Sitandade 8.

Ndi sukulu yogonera konko: pali mahositelo, holo yodyera, laibulale, mabwalo a masewero ndi malabotale. Pa zonsezi, ife timaona kuti labotale ndiyo chuma chenicheni. Pa mayeso a MSCE, Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture zimakhala ndi pepala la pulakitiko. Mwana amene wakhala akugwira yekha zipangizo kuyambira Fomu 1, n'kumaona madzi akusintha mtundu m'kabotolo, dzanja silimunjenjemera tsiku la mayeso. Amene anangoloweza za m'buku amasowa pogwira.

Tsono za katundu. Chimene chimapusitsa makolo ambiri ndi nyengo. Sukulu imatsegulira mu Seputembala kukutentha, mayi n'kuganiza kuti bulangete limodzi lakwana. Koma Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, m'munsi mwa phiri, ndipo teremu yachitatu imagwera mu Meyi, Juni ndi Julayi, kuzizira kutafika pachimake, nthawi yomweyo ya mayeso otsekera chaka. M'mawa chifunga chimaphimba bwalo lonse, ndipo malaya ochapa dzulo amapezeka akadali achinyontho pachingwe. Mugulireni mabulangete awiri okhuthala, majuzi awiri a mtundu wa yunifolomu, masokosi okwanira, ndi malaya a yunifolomu osachepera awiri kuti ena akamauma azivala enawo. Mafuta odzola asaiwalike, khungu limang'ambika.

Kachiwiri, ndowa. M'masukulu akale ambiri mapaipi ndi mathanki anakonzedwera ophunzira ochepa kuposa amene alipo lero, ndipo paipi yachitsulo ikakalamba imachita dzimbiri m'kati, njira ya madzi n'kuchepa. Onse akatsegula mipopi nthawi imodzi m'mawa, madzi amangodontha. Ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro imamulola kutungiratu madzulo.

Sutikesi ikhale yolimba, ya loko, kiyi wina asunge padera. Lembani dzina lake pa chilichonse ndi inki yosafufutika, chifukwa majuzi 50 ofanana akayanikidwa pamodzi palibe amene amazindikira yake. Neti yoteteza ku udzudzu ndi buku lake la kuchipatala zipite nawo.

Ndalama iliyonse imene kalata ya sukulu yatchula ilipireni m'njira imene kalatayo yanena, ndipo risiti muijambulitse fotokope musanamupatse mwana. Foni musamupatse musanawerenge malamulo a sukulu, chifukwa m'masukulu ambiri ogonera akapezeka nayo amamulanda, ena mpaka amamubweza kunyumba.