Yankho kwa mayi wa ku Moatize amene maluwa awo akupindika m'dongo la polymer

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Moatize amene wayamba kumene kupanga mikanda ndi ndolo za dongo la polymer. Analemba motere: "Ndimaumba mpukutu wa duwa mosamala ndipo poyamba umaoneka bwino, koma ndikaufinya kuti uchepe, timasamba ta duwalo timapindika, mitundu imalowerana, ndipo ndikadula ndimapeza chinthu chosadziwika. Dongo limandimatanso m'manja, komanso mikanda ina imasweka ndikaiotcha. Kodi ndikulakwitsa pati?" Mpukutu umene akunenawu ndi mtanda wobulungira wa dongo umene uli ndi chithunzi cha duwa mkati mwake kuyambira mbali ina mpaka ina, kotero kuti kagawo kalikonse kamene mwadula kamaonetsa duwalo. Ndasankha kuyankha pano chifukwa vutoli limakumana ndi pafupifupi aliyense amene amagwira ntchitoyi kuno kwathu ku Tete.

Amayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi mfundo imene ndimaikhulupirira kwambiri, yakuti duwa lambiri limene limaoneka ngati lawonongeka pofinya limakhala litawonongeka kale musanayambe kufinya. Manja anu ayenera kuti akugwira bwino ntchito yawo, koma akufinya mpukutu umene mbali zake n'zosiyana kufewa, umene uli ndi mipata mkati, ndiponso umene watenthedwa. Zinthu zitatuzi mukazikonza, mudzadabwa mmene duwa lidzamverere.

Choyamba tidziwe chimene tagwira m'manja. Ngakhale timalitcha dongo, ili si dongo la kudambo limene amayi athu amaumbira mbiya ndi mitsuko. Ndi pulasitiki wa mtundu wa PVC, wofanana ndi uja wa mapaipi a madzi, amene anaperedwa n'kusakanizidwa ndi mafuta ofewetsera komanso utoto. Siliuma ndi mphepo, ndipo limalimba pokhapokha likatenthedwa pa mlingo wake. Zimenezi zikutanthauza kuti kutentha kulikonse kumalisintha, kuyambira kwa m'manja mwanu mpaka kwa m'nyumba ya malata. Malangizo ambiri amene timawaona pa intaneti amachokera kwa anthu a kumayiko ozizira, amene vuto lawo ndi dongo louma gwa. Inu muli ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, choncho vuto lanu ndi losiyana ndi lawo. Ine ndimagwirira ntchito ku Ulónguè, kuno kumtunda kwa Angónia kumene kumazizirirako, komabe m'miyezi imeneyo sindiumba mpukutu masana.

Mpukutu wanga woyamba unandiphunzitsa za kufewa kosiyana. Ndinasakaniza dongo loyera lofewa kwambiri ndi lofiira limene linali litakhalitsa. Nditayamba kufinya, loyeralo linathamangira kumapeto n'kutuluka ngati mankhwala otsukira mano, pamene lofiiralo linangotsala pakati osasuntha. Nditadula, timasamba tinali titakhotera mbali imodzi ngati chimanga chimene chagwetsedwa ndi mphepo. Kuchokera pamenepo ndimakanda mtundu uliwonse pawokha mpaka utamapindika osang'aluka m'mphepete, kenako ndimadina chala pa mtanda uliwonse kuti ndimve ngati yonse ikufanana. Dongo likakhala lofewa mopitirira, liphwathalaleni n'kuliika pakati pa mapepala awiri oyera osalembapo, muikepo buku lolemera, ndipo mulisiye usiku wonse. Mmawa mudzaona banga la mafuta papepala, ndipo dongolo lidzakhala litalimbako. Musabwereze kambirimbiri, chifukwa likataya mafuta ochuluka limayamba kunyenyeka. Ndiponso pa mpukutu umodzi yesetsani kugwiritsa ntchito dongo la kampani imodzi, kaya ndi Fimo, Premo kapena Cernit, chifukwa lililonse lili ndi kafewedwe kake.

Luso loika chithunzi mkati mwa mpukutu, umene pa Chingerezi amautcha cane, linachokera kwa amisiri a galasi. Ku Murano, pafupi ndi Venice ku Italy, amalitcha millefiori, kutanthauza maluwa chikwi, ndipo mikanda yagalasi yopangidwa motero inagulitsidwa kwambiri kuno ku Africa m'zaka za m'ma 1800. Ife a m'dera la Angoni, amene mikanda ndi gawo la kavalidwe kathu, sitikuchita chinthu chachilendo kwenikweni. Chimene chasintha n'chakuti tsopano mkandawo tingaupange tokha pa tebulo.

Tiyeni tiumbe duwa limodzi pamodzi, ndipo ndasankha la therere lobala chifukwa mungathe kulithyola m'munda n'kuliika pambali panu. Liyang'anitsitseni. Lili ndi timasamba tisanu tachikasu chotumbuluka, ndipo kumunsi kwa tsamba lililonse, kumene limakumana ndi anzake, kuli kofiira koderako. Kusintha kwa mtundu kumeneko ndiko kumapatsa duwa moyo, ndipo kumapangidwa ndi njira imene Judith Skinner wa ku America anaifalitsa m'zaka za m'ma 1990, imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Mumaphwathalala dongo lachikasu ndi lofiira, mumadula lililonse kukhala la ngodya zitatu, n'kulumikiza awiriwo kuti apange chigamba chimodzi cha ngodya zinayi. Chigambacho mumachipinda pakati, chikasu pa chikasu ndi chofiira pa chofiira, mumachiphwathalala, n'kupindanso mbali yomweyo, mpaka maulendo 20 kapena kupitirira pamenepo. Amene ali ndi makina opangira pasta amachita zimenezi mofulumira, koma botolo lagalasi losalala limagwiranso ntchito, kungoti limafuna mphamvu ndi kuleza mtima. Pa duwa la therere chikasu chichuluke, chofiira chikhale chochepa.

Mitundu ikalowerana bwino, chigambacho chikokeni chikhale chachitali ndi chopyapyala, chikasu mbali ina chofiira mbali ina, ndipo muchipinde mobwerezabwereza chapatsogolo ndi chambuyo ngati mmene timapindira nsalu ya kapulana, mpaka chipange mtanda wonenepa. Mtandawo muutsine kumbali yofiira kuti kusongoke, ndipo kumbali yachikasu kukhale kobulungira, monga dontho la madzi. Limenelo ndilo tsamba. Likulungeni ndi kachigamba kopyapyala ka mtundu woderako, chifukwa popanda mzere umenewo timasamba toyandikana timasowa malire mpukutu ukachepa. Kenako litalikitseni mofatsa, mulidule zidutswa zisanu zofanana poyeza ndi rula, ndipo muzizungulize kuzungulira kampukutu kakang'ono kachikasu kamene kakhale pakati pa duwa.

Tsopano tafika pamene ndikuganiza kuti pali vuto lanu lalikulu. Timasamba tisanu tikazungulira pakati, kunja kwake kumatsala mipata isanu yooneka ngati chilembo cha V. Anthu ambiri amafulumira kukulunga duwa lonse ndi chigamba chimodzi n'kuyamba kufinya, koma dongo likafinyidwa limathawira kulikonse kumene kuli malo, choncho timasamba timalowa m'mipata ija n'kutaya maonekedwe ake. Mpata uliwonse uyenera kudzazidwa ndi dongo loumbidwa mofanana ndi mpatawo. Pangani kampukutu ka dongo la m'mbali, kaya loyera, lakuda kapena lija loonekera mkati, mukatsine kakhale ndi ngodya zitatu, ndipo mukalowetse mpaka pansi pa mpata, nsonga yake ifike pamene timasamba tiwiri takumana. Chitani zimenezi m'mipata yonse isanu, kenako onjezani tizigamba ting'onoting'ono paliponse pamene pali dzenje mpaka mpukutu ukhale wobulungira bwino. Muuyang'ane kumapeto onse awiri mouloza kowala, ndipo mukaona kabowo ngakhale kolowa nsonga ya singano, katsekeni. Ntchito imeneyi imatha kutenga nthawi yaitali kuposa kuumba duwa lenilenilo, ndipo ine ndimaiona kuti ndiyo yofunika koposa. Mukamaliza, kulungani mpukutu wonse ndi chigamba chimodzi kapena ziwiri, kuti nsonga za timasamba zisakhale pamtunda penipeni pamene zala zikufinya.

Musafinye nthawi yomweyo. Dongo limene mwangoligwira kumene ndi lotentha komanso lofewa kuposa limene lili mkati, choncho mpukutu uyenera kupuma kuti mbali zonse zifanane. Kuno kwathu ndimalangiza kuti ugone usiku wonse, muufinye mmamawa dzuwa lisanakwere. Ngati muli ndi firiji, uikenimo m'kathumba kotseka kwa mphindi 20 kapena 30. Ngati mulibe, ikani kathumbako m'kabokosi kotseka bwino ndipo kabokosiko kakhale m'mbale ya madzi a mumtsuko, koma madzi asakhudze dongo, chifukwa Fimo ndi Cernit zimayamba kunanda zikanyowa. Manja anunso muwasambe m'madzi ozizira n'kuwapukuta bwino.

Pofinya, musayambe ndi kugubuduza pa tebulo monga timachitira ndi mtanda wa mandasi, chifukwa kugubuduza kumasuntha dongo la kunja lokha n'kupotoza la mkati. Imikani mpukutu pakati pa zala, muufinye pakatikati mouzunguliza pang'onopang'ono mpaka upange chiuno, kenako muzisendera kumapeto onse awiri, kufinya ndi kukoka pang'ono. Mukamva kuti wayamba kufewa kwambiri, usiyeni upumenso. Kugubuduza kubwere pomaliza, kongosalaza madindo a zala. Kumapeto kumawonongeka nthawi zonse, ngakhale kwa amisiri odziwa, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Dulani kumapetoko pang'onopang'ono mpaka duwa lenileni litaonekera, ndipo zotsalazo zisungeni kuti zikhale mkati mwa mikanda.

Yambani ndi mpukutu waufupi ndi wonenepa, pafupifupi masentimita 5 m'lifupi ndi 5 m'litali, chifukwa waung'ono kwambiri umavuta kudzaza mipata yake. Musaope kuti dongo likutha. Mpukutu ukachepa ndi theka m'lifupi, umatalika kanayi, kotero wa masentimita 5 uja mukaufikitsa pa sentimita imodzi umatalika maulendo 25, zimene ndi masentimita 125, kupatula zotayika kumapeto. Ine sindiuchepetsa wonse pa mlingo umodzi. Ndimadulako chidutswa chachikulu cha ndolo, kenako chapakati, ndipo chotsalacho ndimachichepetsa kwambiri kuti chikhale cha timikanda ta chibangili.

Musanadule, mpukutu upumenso. Lezala likhale latsopano ndi lopukutidwa bwino, ndipo mukadula kagawo kamodzi muzitembenuza mpukutu pang'ono kuti usaphwathalale mbali imodzi. Timagawo tikhale topyapyala ngati chikhadabo. Tiikeni pa kampira ka dongo lotsala lija, mutidinikize pang'ono ndi chala, kenako muzunguze mkandawo m'chikhatho mopepuka mpaka m'mphepete mwa timagawo mutasowa. Pobowola, lowetsani singano yaikulu moizunguliza mpaka nsonga iyambe kuonekera mbali ina, muitulutse, n'kulowetsanso kuchokera mbali inayo, kuti bowo lituluke laukhondo mbali zonse.

Za kusweka kwa mikanda, chifukwa chake pafupifupi nthawi zonse ndi kusapsa mokwanira. Fimo amaotcha pa madigiri 110 kwa mphindi 30, pamene Premo amafuna madigiri 135 kwa mphindi 30 pa mamilimita 6 aliwonse a kunenepa kwake, choncho werengani pa paketi ya dongo limene muli nalo. Manambala olembedwa pa uvuni waung'ono wamagetsi si odalirika, ndipo magetsi akamasinthasintha mphamvu zinthu zimaipiraipira. Gulani chopimira kutentha cha mu uvuni, chifukwa mtengo wake suposa wa dongo limene mungataye popanda icho. Dongo likapsa mopitirira limada n'kutulutsa utsi woyabwa m'maso ndi pakhosi, ndipo zikatero zimitsani uvuni, mutsegule mazenera, ana atuluke panja. Pa chifukwa chomwecho sindilimbikitsa kuotchera pa mbaula, chifukwa moto wa makala sungaugwire pa mlingo umodzi kwa theka la ola. Mikanda muitunge pa waya kapena muigoneke papepala lopindidwa makwinya kuti isaphwathalale pansi, ndipo muivundikire ndi mbale yachitsulo imene simudzadyeramonso. Nthawi iliyonse otchani pamodzi kachigamba kopyapyala koyesera. Kakazizira kapindeni, ndipo ngati kakupindika osathyoka, mikanda yanu yapsa bwino.

Ndiwonjezepo za kasungidwe, popeza dongoli limachokera kutali ndipo ambiri timatuma anthu opita ku Johannesburg. Paketi imene yayenda masiku pa basi, kudutsa ku Zimbabwe mpaka kulowa ku Cuchamano nyengo yotentha, ikhoza kufika itayamba kale kupsa, ndipo dongo lotero limangonyenyeka ngakhale mulikande chotani. Pemphani wokugulirani kuti alisunge m'chikwama cha pamiyendo osati pamwamba pa katundu, ndipo ngati n'kotheka muziitanitsa mu Juni kapena Julayi. Kunyumba, mipukutu muisunge m'tithumba tapulasitiki, pansi, m'chipinda chozizirirako, kutali ndi zenera. Mabokosi olembedwa nambala 5 kunsi kwake ndi abwino, koma aja olimba oonekera mkati olembedwa nambala 6 amasungunuka akakhudzana ndi dongo laliwisi.

Amayi, pa mpukutu wanu wotsatira ndikupempha kuti mujambule zithunzi ziwiri, china mutangomaliza kudzaza mipata musanakulunge, china mutadula kagawo koyamba, ndipo munditumizire pamodzi ndi dzina la dongo limene munagwiritsa ntchito komanso nthawi imene munafinya. Ndikaziona ndidzatha kukuuzani ngati pali mpata umene unatsala kapena mtundu umene unali wofewa kuposa unzake.