Mafunso ndi Mayankho: Kodi maphunziro a anamwino a m'ndende tingawayese bwanji?

Funso: Ndine namwino pa chipatala cha m'ndende ina ya m'chigawo chakummwera. Chaka chatha ndinachita nawo maphunziro a masiku asanu a kasamalidwe ka akaidi odwala, ndipo tonse tinakhoza mayeso n'kulandira masatifiketi. Tsopano akuluakulu andipempha kuti ndilembe lipoti losonyeza ngati maphunzirowo anathandiza. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Zikomo kwambiri anamwino chifukwa cha funso lanu. Mayeso a tsiku lotsiriza amangosonyeza zimene munthu akukumbukira asanatuluke m'kalasi, choncho musawadalire kwambiri. Umboni weniweni uli m'makaundula a pachipatala panupo, ndipo ndikukulangizani kuti muyerekeze miyezi isanu ndi umodzi maphunziro asanachitike ndi miyezi isanu ndi umodzi ya pambuyo pake.

Yambirani pachipata. Malamulo a Nelson Mandela, amene bungwe la United Nations linavomereza mu 2015, amati mkaidi aliyense aonedwe ndi wachipatala mwamsanga akangolowa m'ndende, ndiponso kuti chithandizo chake chisasiyane ndi cha anthu akunja. Werengani kuti mwa akaidi atsopano, kuphatikizapo a palimandi, ndi angati anafunsidwa za kutsokomola, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda; mwa amene anali ndi zizindikirozo, ndi angati anapereka makhololo kuti akayesedwe pa makina oyezera chifuwa chachikulu a GeneXpert; ndipo panadutsa masiku angati asanayambe kumwa mankhwala. Kwa ine masiku amenewa ndiwo ofunika kuposa china chilichonse m'lipoti lanu, chifukwa munthu mmodzi wa chifuwa chachikulu akagona milungu itatu wopanda mankhwala m'selo yothithikana, yotsekedwa kuyambira madzulo mpaka m'mawa, amapatsira anzake ambiri.

Potulukira napo pafunika diso. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, pamene linkagwira ntchito ku ndende za Maula ndi Chichiri, linkayesa akaidi polowa, ali m'kati ndiponso potuluka. Mankhwala a chifuwa chachikulu amatenga miyezi isanu ndi umodzi ndipo ma ARV ndi a moyo wonse, motero fufuzani ngati omasulidwa kapena osamutsidwa ananyamula kalata yokapitirizira mankhwala ku chipatala china.

Pali zina zimene kaundula sangakuuzeni. Pemphani munthu wina, osati inuyo, kuti acheze ndi akaidi angapo popanda msilikali wa ndende kapena nyapala (mkaidi woyang'anira anzake) pafupi, awafunse ngati amapatsidwa ulemu, ngati matenda awo amasungidwa mwachinsinsi, ndiponso ngati amaloledwa kukaonana ndi namwino tsiku lomwe adwala. Malamulo a Nelson Mandela aja amaletsa wachipatala kutenga nawo mbali popereka chilango kwa mkaidi, ndipo ngati maphunziro anu anakhudza mfundo imeneyi, zipatso zake mudzazimva m'mawu a akaidiwo.

Chenjerani pomasulira manambala. Chiwerengero cha opezeka ndi chifuwa chachikulu chikakwera pambuyo pa maphunziro, nthawi zambiri ndiye kuti anamwino ayamba kupeza odwala amene kale ankawaphonya, osati kuti zinthu zaipiraipira. Komanso mphere ndi matenda a kuperewera kwa zakudya m'thupi sizingathe ndi maphunziro okha pamene anthu akugona mopanikizana ndi kudya kamodzi patsiku. Khoti linagamula kale mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma, kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende zathu n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Choncho m'lipotimo mulekanitse zimene zili m'manja mwa namwino ndi zimene zikufuna sopo, chakudya, galimoto ndi malo ogona.

Musaiwalenso kulemba kuti mwa amene munaphunzira limodzi, ndi angati akadali pa ntchito m'ndende lero, chifukwa wosamutsidwa amapita ndi luso lake, ndipo wolowa m'malo mwake amafunika kuphunzitsidwa kuyambira pachiyambi.