Yankho la achemwali pa funso la Tadala

Tadala analemba m'gulu la asuweni kuti: "Achemwali, inu anamwino, mnzanga wina wa kuntchito akufunsa kuti dzira la mkazi limatuluka tsiku lanji pa mwezi?" Yankho linabwera la mawu.

Eee Tadala... dikira kaye ndichepetse wailesi. Eya. Kulemba sindingathe, ndachoka kunaiti m'mawa uno, maso akuchita kulemera.

Mnzako wa kuntchito ameneyu... mhm. Iwe msuweni wanga, ndinakubereka kumsana ine, ukamanama mphuno imatuluka thukuta, ngakhale pa WhatsApp ndikuiona. Chabwino, ndimuyankha mnzakoyo. Mnzako amene tinamuvinira ukwati ku Chilomoni dzana lija, amene apongozi ake akabwera amapereka moni akuyang'ana pamimba. Usachite manyazi, muno muli ife tokhatokha, akuluakulu tinawasiya ku gulu la maliro lija.

Za dzirazo n'zachidule. Mkazi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira, kena uku kena uku, ndipo mazira ake onse amabadwa nawo. Mwezi uliwonse limakhwima limodzi n'kulowa mu chubu chopita kuchiberekero, ndipo mu chubu momwemo ndi momwe limakumana ndi mbewu ya abambo. Anthu amangoti tsiku la 14, koma zimenezo ndi za munthu amene msambo wake umazungulira masiku 28. Uziwerenga chobwerera m'mbuyo, masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe. Ngati wako... aa, wa mnzakoyo, umatenga masiku 32, ndiye ndi cha pa 18. Dzira likatuluka silipitirira maola 24, pomwe mbewu ya abambo imatha kudikira m'katimo mpaka masiku 5. Basi. Izi zili m'buku la Biology la kusekondale, ndipo iwe Biology unakhoza kuposa ine, ndiye usandipusitse.

Koma iwe, amalume a Wedson ukuwakumbukira? Kwa iwe ndi abambo aakulu. Mwina umangokumbukira chipewa chija ndi njinga ya Humber, unali kamwana. Anthu aja anabwera kuchokera ku Joni, ku migodi, ndi sutikesi yachitsulo ndi wailesi yaikulu, Ndirande yense n'kuwadziwa. Anakwatira a Nabanda a ku Chiradzulu, mayi waulemu, wophika nsima yosalala. Chaka chinatha, china chinatha, kuli zii. Agogo, mzimu wawo uwuse mumtendere, mumawadziwa pakamwa pawo, anangoti tatenga chumba. Anayenda nawo mayi aja kwa asing'anga, uku Mpemba, uku Mulanje, mphini m'chiuno monse. Ine ndinkawaona kuseri kwa khitchini m'mamawa, atagwira botolo la Fanta lodzaza mankhwala akuda bii, atatsina mphuno, akumwa, misozi ili chuchuchu. Akatha ankatsuka botolo lija n'kulibisa kudenga kuti ife ana tisaseweretse. Mapeto ake anawalongedzetsa katundu.

Kenako anatenga mayi a ku Bangwe... ayi ayi, a ku Bangwe anali achitatu. Achiwiri anali a ku Lunzu, ogulitsa anyezi aja, amene anakangana ndi amayi ako za mtondo. Nawonso zii. A ku Bangwe zii. Akazi atatu, onse ati ndi zumba! Amalume ali phee pa bawo, gondolosi ali m'thumba la jekete, ati ine ndine tambala weniweni, funsani kunyumba.

Ndiye tamvera. A Nabanda aja anakwatiwa ndi kalipentala wina wa kumsika wa Ndirande, munthu wowonda, wosalankhula. Sipanatenge nthawi, mapasa. Mapasa, Tadala! Pa maliro a agogo aamuna anabwera nawo, wina kumsana wina pachifuwa, n'kudutsa pang'onopang'ono pamene panakhala azibambo, kugwada, kupereka moni kwa aliyense mmodzimmodzi. Sanadumphe ndi mmodzi yemwe. Amalume anangoti maso pa nsapato. Hehe, mayi aja... ine ndimawapatsa ulemu mpaka lero. Ndipo palibe anayerekeza kunena zoti amalume anagwa m'papaya, unganene bwanji munthu akulipirira fizi mtundu wonse? Yanga yomwe analipira ndi iwowo.

Patapita zaka, atakalamba, anagonekedwa ku Queens ndi vuto la mkodzo lija, ine ndikuwadikirira. Usiku wina tikucheza za ku Joni anandiuza kuti kukomponi anadwala matsagwidi ali munthu wamkulu kale, ndevu zili pepeya. Masaya atapepuka, kutupa kunatsikira kumusi, ku machende, mbali zonse ziwiri, mpaka kuyenda chotang'adza. Ankanena akuseka, ngati nthabwala. Ine ndinangoti kakasi. Matsagwidi akagwira mwamuna wotha msinkhu amatha kutupitsa machende, ndipo nthawi zina, osati kwa onse, mbewu zimachepa kapena kutheratu. Kaya chinali chimenecho kaya china, amalume sanaponde ku labu ngakhale tsiku limodzi. Omwa mankhwala anali akazi okhaokha.

Chimene azibambo samva ndi ichi. Mbewu zimapangidwa m'machende, ndipo machende ali kunja kwa thupi chifukwa ntchitoyo imafuna pozizirirapo pang'ono, madigiri ngati 2 kutsika pa kutentha kwa thupi. Mbewu imodzi kuti ikhwime pamatenga miyezi iwiri ndi kuposerapo, n'chifukwa chake munthu akadwala malungo aakulu thupi n'kutentha kwambiri, mbewu zimatha kutsika kwa miyezi ingapo kenako n'kubwerera. Koma madzi amene amatuluka aja, ambiri sachokera ku machende, amachokera ku tiziwalo tina ta m'kati, kuphatikizapo prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo kamene kanawavutitsa mkodzo amalume kaja. Mbewu zenizenizo ndi kagawo kochepetsetsa, popanda maikulosikopu sungazione. Ndiye bambo atha kukhala wamphamvu kuchipinda, zonse zikuyenda bwinobwino, koma ili minibasi yochoka ku Limbe kukafika m'tauni ikuliza hutala, m'katimo mulibe pasenjala.

Ndiye Tadala... chimene ndikufuna kunena n'chakuti usiye kuwerenga masiku wekhawekha. Ndikudziwa uli ndi kalendala mu foni, ndikudziwa za kuphiri kwa Soche ukumapita kukapemphera m'bandakucha, pemphera ndithu sindikuletsa. Koma kuchipatala mupite awiri, iwe ndi alamu. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati pakatha miyezi 12 muli limodzi, osalera, mimba osabwera, nthawi yoyezetsa yakwana. Mu 2023 ananenanso kuti vuto limeneli limagwera munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse pa moyo wawo, ndiye si tsoka la kwathu kokha. Ndipo pafupifupi theka la mabanja otere, mbali ya abambo imakhalapo.

Sindikuti alamu ndi amene ali ndi vuto, musakandinamizire m'gulu muno, makamaka iwe Chikondi ndikukuona uli pa intaneti. Mwina ndi iweyo Tadala. Machubu aja amatsekeka ndi matenda ngati chinzonono chosachizidwa msanga, ngakhale likodzo limawononga njira za amayi, ndipo tonse tinasambira ku Mangochi pa holide zija. Mwina nonse muli bwino, yangochedwa. Koma za amayi n'zazitali, sikani, magazi, kujambula machubu, ndalama ndi maulendo. Za abambo ndi kabotolo kamodzi. Amadziletsa masiku 2 mpaka 7, amapereka umuna, a labu amawerenga mbewu, amaona ngati zikuyenda ndiponso mmene zaumbikira. Zikaoneka zochepa amabwereza pakapita nthawi, sagamula ndi ulendo umodzi. Ndiye n'chifukwa chiyani tiyambire kovuta? Awiri, Tadala. Usakakhale pa benchi paja wekha.

Eh, foni ikuti batire... dikira. Eya. Uwauze bwinobwino, osati apongozi ali pakhomo, osatinso atangochoka ku mpira timu yawo italuza. Akakanakana undiuze ndibwere ndekha ku Chilomoni, munthu uja amandiopa chiyambire pa chinkhoswe. Koma kabotolo kaja akapereke, ndipo inu mukalowe kwa dokotala limodzi. Umuuze choncho mnzako wa kuntchitoyo.