Kodi Big Bang inathamangitsa Mulungu kumwamba?

Mnyamata wina amene akuphunzira physics wanditumizira imelo, akuti chiyambireni kuwerenga za Big Bang, ganizo la asayansi la mmene chilengedwe chinayambira, pemphero silikumutulukanso bwinobwino, ndiye akufunsa ngati akuyenera kusankha chimodzi, telesikopu kapena tchalitchi.

Achimwene, funso lanu landifika pamtima poti nanenso ndinadutsa momwemo. Ndili mu kwaya ya achinyamata tsiku lina ndinangotchula kuti kuwala kwa mlalang'amba wa Andromeda kumene timaona usikuku kunanyamuka kumeneko zaka 2.5 miliyoni zapitazo, eee, mkulu wina wa mpingo anandiyang'ana ngati ndatukwana, nkundiuza kuti mabuku amenewo ndiwasiye asanandizunguze mutu. Sindinawasiye ayi, ndinkawerenga mobisa kwinaku ndikupemphera ndi mitima iwiri, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero nchoti panalibe ndi mmodzi yemwe wondiuza za Georges Lemaître.

Ameneyutu anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, ndipo mu 1927 analemba kuti chilengedwe chikufutukuka, katswiri wa zakuthambo wa ku America Edwin Hubble asanatulutse umboni wake wa zomwezi mu 1929. Pofika 1931 anati ngati milalang'amba ikutalikirana ndiye kuti kalekale zonse zinali zothinana malo amodzi. Dzina loti Big Bang analitchula koyamba ndi Fred Hoyle pa wailesi ya BBC mu 1949, munthu wosapemphera amene ganizoli ankalikana kwamtuwagalu, iyeyo ankafuna chilengedwe chopanda chiyambi. Ndiye amene amati Big Bang anaipeka anthu odana ndi Mulungu, mbiriyi anaiwerenga kuti?

Komatu musathamange kuombera m'manja. Mu 1951 Papa Pius XII analankhula ngati sayansi yatsimikiza kuti kunali kulenga, ndipo Lemaître yemweyo sizinamusangalatse, sankafuna kuti masamu ake asanduke ulaliki. Ine ndili mbali ya Lemaître kwathunthu. Anthu amene amatumiza zithunzi za nebula pa WhatsApp nkumati taonani diso la Mulungu, lembani Amen, amandinyansa chimodzimodzi ndi aja amati telesikopu ya James Webb yafufuza konse koma Mulungu sinamupeze. Nebulayo ndi mtambo wa fumbi ndi mpweya basi, wokongola inde, koma fumbi. Ndipo Mulungu amene mungamujambule ndi kamera, ameneyo nkumupembedza?

Umboni weniweni wa Big Bang unabwera moseketsa. Asayansi awiri ku America, Arno Penzias ndi Robert Wilson, ankamva kaphokoso pa antenna yawo kosatha, mpaka anakolopa zitosi za nkhunda poganiza kuti vuto ndi limenelo, kaphokoso osachoka. Mu 1965 zinadziwika kuti ndi kutentha kotsalira kwa chilengedwe chili chaching'ono. Lemaître anamva nkhaniyi atatsala pang'ono kumwalira mu 1966. Lero asayansi amati papita zaka 13.8 biliyoni chichitikireni Big Bang, ndipo amachita kuyeza, sikuti amalota.

Nanga bwanji pali chinthu m'malo moti pasakhale kalikonse? Apa physics ilibe choyezera, ndipo asayansi opemphera ndi osapemphera amagwiritsa masamu omwewo koma poyankha amasiyana.

Ndiye mutani?

Physics yo musaisiye, mayeso mulembe. Pezani munthu wachikulire pa chikhulupiriro amene sachita mantha ndi mafunso muzicheza naye, wokuuzani kuti kufunsa ndi tchimo mumulambalale. Nkhani ya masiku 6 a mu Genesis ndi ina yaitali, mukaifuna mundilemberenso.