Munda wa pabwalo la mikango ku Alhambra unapita kuti?

Mayi wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, wanditumizira imelo. Akuti anaona zithunzi ziwiri za bwalo la mikango m'nyumba yachifumu ya Alhambra, ku Spain. Pachithunzi chakale pali maluwa ndi zitsamba zowirira, pachatsopano pali miyala yoyera yokhayokha. Akufunsa kuti anazula mundawo ndani, ndipo analakwa chiyani maluwawo.

Amayi, zithunzi zonsezo n'zoona, koma chatsopanocho ndicho chikuyandikira mmene bwaloli linalili kale.

Analimangitsa ndi mfumu Muhammad V pakati pa 1362 ndi 1391, nthawi imene Asilamu ankalamulira mzinda wa Granada, kumene kuli Alhambra. Pakati pake pali beseni lalikulu lamwala lomwe lakhazikika pa mikango 12 yosema, ndipo madzi amatuluka m'kamwa mwa mkango uliwonse. Ngalande zinayi zing'onozing'ono zimakumana pamenepo, mozungulira muli mizati 124.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi madziwo. Alhambra ili pamwamba pa phiri, ndiye mafumu oyamba anapatutsa madzi a mtsinje wa Darro kumtunda kwake, n'kuwayendetsa m'ngalande m'mbali mwa phiri mpaka kufika kunyumba yachifumu, popanda injini kapena pampu. Aliyense amene anathirirapo dimba ndi kheni dzuwa la Okutobala likuswa mtengo amvetsa kuti umenewu unali ulemerero woposa golide.

Granada itagwa m'manja mwa Ferdinand ndi Isabella, mfumu ndi mfumukazi achikhristu a ku Spain, mu 1492, alendo anayamba kulemba zimene ankaona. Hieronymus Münzer, yemwe anafikako mu 1494, anatchula za pansi poyalidwa miyala ya marble. Antoine de Lalaing mu 1502 anaonapo mitengo 6 ya malalanje. Munda wowirira uja ndi wa m'mbuyo muno, m'zaka za m'ma 1800. Vuto lake linali kuthirira: chinyontho chinkalowa pansi pa mizati yowondayo, choncho zomerazo anazichotsa. Atamaliza kukonza mikango ndi mipope yake mu 2012, anayalanso miyala yoyera.

Kwa ine anachita bwino, ngakhale kuti maluwa ndimawakonda kwambiri. Maluwa mungabzalenso chaka chamawa, koma mzati wa zaka zoposa 600 ukagwa, wagwa basi.

Ngati mukufuna kuona munda weniweni wa mafumu achisilamu aja, amayi, funani zithunzi za Generalife, nyumba yawo yopumulirako yomwe ili tsidya lina la chigwembe. Pabwalo lake lotchedwa Patio de la Acequia, ngalande yochokera ku Darro ija imadutsa pakati penipeni, maluwa ali mbali zonse ziwiri.