Kufufuza agogo amene anapita ku nkhondo ya ku Burma osabwerako

Mayi wina anditumizira kalata pa imelo yofunsa za agogo awo aamuna, amene analembedwa usilikali wa Keyala, gulu la King's African Rifles, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndipo sanabwereko. Chimene banja likudziwa n'chakuti anafera ku Burma. Kunyumba kunatsala mendulo imodzi yooneka ngati nyenyezi, yopanda dzina, ndi chithunzi chimene chayamba kufufutika. Mayiwa akuti alemba dzina la agogo awo pa intaneti osapeza kanthu, ndipo akufunsa ngati pali njira yodziwira gulu limene agogowo anali ndiponso malo amene anaikidwa. Kumapeto kwa kalata awonjezera funso lachiwiri, lakuti bambo a agogowo anali a tengatenga, osenza katundu wa asilikali, pa nkhondo ya chiwaya, imene ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo nawonso anatsala kunkhondoko, kodi iwo angapezeke?

Mayi, pa funso loyamba pali chiyembekezo chenicheni, pakuti asilikali a mu Africa amene anafa pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ambiri analembedwa mayina, ndipo amene matupi awo anapezeka ali ndi mwala pamanda pawo. Kusapezeka kwa dzina pa intaneti kusakufooketseni, ndiponso kusakuchititseni kukayikira zimene akuluakulu anakuuzani. Dzina ndilo chinthu chosadalirika kwambiri pa kafukufuku wa msilikali wa Keyala. Chimene muyenera kusakasaka ndi nambala yake ya usilikali ndi bataliyoni imene anali.

Chifukwa chake n'chakuti munthu akamalembedwa usilikali ankatchula dzina pakamwa, ndipo kalaliki ankalemba monga mmene wamvera. Ena analembedwa dzina lawo ndi la bambo awo, ena dzina limodzi lokha, ena dzina la ubatizo m'Chingerezi pamene kwawo ankaitanidwa ndi dzina lina, ndipo panali enanso amene anapereka dala dzina lachilendo chifukwa anali aang'ono msinkhu kapena anachoka osatsanzika. Mfunda umene inu mukuudziwa lero monga dzina la banja ukhoza kusaoneka n'komwe. Saidi akhoza kulembedwa Sayidi kapena Seidi, Jemusi n'kukhala James, ndipo zilembo l ndi r zinkasinthanasinthana popanda lamulo. Nambala yokha ndi imene inkatsatira munthu kuyambira tsiku lolembedwa mpaka pa mwala wa pamanda. Kwa asilikali ochokera ku Nyasaland a nthawi imeneyo, nambala zambiri zimayamba ndi zilembo DN.

Choncho yambani ndi kunyumba. Tembenuzani chithunzicho muone kumbuyo kwake. Funsani kwa abale onse, ngakhale a kuchimuna amene simuyenderana nawo kwambiri, ngati pali buku la malipiro, kalata imene agogo anatumiza ali kunkhondo, kapena kalata ya boma yolengeza za imfa, chifukwa pa zonsezi pankalembedwa nambala. Khalani pansi ndi achikulire amene alipo, muwajambule mawu pa foni, ndipo muwafunse mayina onse amene agogo ankadziwika nawo, dzina la bambo awo, mudzi, mfumu ndi boma limene analembetsera, amene anapita nawo limodzi, ndi amene anabwera ndi uthenga wa maliro. Funso la anzawo opita nawo limodzi ndimaliona lofunika koposa, pakuti anyamata a dera limodzi olembedwa tsiku limodzi ankalandira nambala zotsatizana, ndipo ngati mnzawo wina anabwerako n'kusiya chitupa chake chotulukira usilikali kwa ana ake, nambala ya agogo anu ikhoza kukhala pafupi ndi imeneyo.

Mendulo imene muli nayo ilibe dzina chifukwa boma la Britain silinkadinda mayina pa mamendulo a nkhondo yachiwiri, kusiyana ndi a nkhondo yoyamba amene ali ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu m'mphepete kapena kumbuyo. Komabe ili ndi zimene ingakuuzeni. Yang'anitsitsani pakati pa nyenyeziyo, pamene pali chisoti cha mfumu George VI, ndipo muwerenge mawu ozungulira. Akakhala akuti The Burma Star, ndipo kansalu kake kali ndi mzere wofiira pakati, ndi wobiriwira ngati thambo lakuda m'mbali, wodulidwa ndi timizere ta mtundu wa lalanje, ndiye kuti agogo anafikadi m'dera la nkhondo ya ku Burma pakati pa 11 December 1941 ndi 2 September 1945. Akakhala akuti The Africa Star, kansalu kake kooneka ngati mchenga ndi mzere wofiira pakati, ndiye kuti anamenya nawo nkhondo ya ku Abyssinia, lero Ethiopia, kapena ku Somaliland, ndipo tiyenera kuyang'ananso kumeneko.

Ndikunena zimenezi chifukwa m'mabanja ambiri mawu akuti Burma anadzaimira nkhondo yonse, pamene asilikali a Keyala anayenda maiko angapo. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa pa 1 January 1902, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland. Mu 1940 yoyamba inamenya nkhondo ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, pamene yachiwiri inali ku Tug Argan ku Somaliland. Nkhondo ya ku Ethiopia inatha ndi kugwa kwa Gondar mu November 1941. Mu 1942 bataliyoni yoyamba inapita ku Madagascar. Kuyambira 1943 asilikali anatumizidwa ku Ceylon, lero Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, ndipo mu August 1944, mvula ili pakati, gulu lalikulu la 11th East Africa Division linalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma, muli mabataliyoni a ku Nyasaland a nambala 2, 13 ndi 22. Anakankha Ajapani mpaka ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kuchiyambi kwa December, kenako anabwezedwa ku India. Chigwa chimenechi chinali choopsa chifukwa cha malungo ndi matenda ena, ndipo si onse amene anafa ndi chipolopolo. Bataliyoni yoyamba inatumikira kwina, ku gombe la Arakan, mu 1945.

Mukasonkhanitsa zimene mungathe, pitani pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe limene linayamba mu 1917 ndipo limasamalira manda a asilikali a maiko amene anali pansi pa Britain. Pa nkhondo yachiwiri limawerengera amene anafa pakati pa 3 September 1939 ndi 31 December 1947. Kufufuza n'kwaulere. Ngati muli ndi nambala, lembani nambala yokha. Ngati mulibe, musadzaze mabokosi onse, chifukwa bokosi limodzi lolakwika limabisa munthu amene alimo. Sankhani nkhondo yachiwiri, sankhani King's African Rifles, lembani dzina limodzi lokha, ndipo muliyese m'kalembedwe kosiyanasiyana, poyamba monga dzina loyamba, kenako monga dzina la bambo. Zikakanika, siyani dzina lonse, musankhe Myanmar, dzina la lero la Burma, ndi miyezi ya August mpaka December 1944, ndipo muwerenge mndandanda wonse mokweza mawu, chifukwa dzina lolembedwa molakwika khutu limalizindikira msanga kuposa diso. Kumbukiraninso kuti si onse anali a mfuti m'mabataliyoni. Panali oyendetsa galimoto, a mizinga, a zachipatala ndi a mauthenga, amene analembedwa pansi pa magulu ena oyamba ndi mawu akuti East African, ngakhale kuti kumudzi onse ankangotchedwa a Keyala.

Mukawapeza, muonetsetse ngati tsambalo likunena za manda kapena za chipilala chachikumbutso. Nkhondo itatha, matupi ambiri anafukulidwa m'manda ang'onoang'ono a m'nkhalango n'kukaikidwa pamodzi, ndipo manda aakulu a ku Burma ali ku Taukkyan, kumpoto kwa Yangon. Pakati pa manda amenewa pali Rangoon Memorial, pamene pali mayina pafupifupi 27,000 a amene manda awo sadziwika. Amene anafera m'chipatala akhoza kukhala ku Ranchi ku India kapena ku Colombo, a ku Madagascar ali ku Diego Suarez, a ku Ethiopia ku Addis Ababa. Palinso East Africa Memorial ku Nairobi, pamene pali mayina a osowa manda a ku Somaliland, Ethiopia ndi Madagascar, ndiponso a asilikali a mizinga amene anamira ndi sitima ya Khedive Ismail pa 12 February 1944 pa ulendo wa ku Ceylon, ngozi imene inapha anthu pafupifupi 1,300. Munthu amene banja limati anafera ku Burma akhoza kukhala atalembedwa ku Nairobi. M'munsi mwa tsamba la msilikali aliyense nthawi zambiri mumakhala zithunzi za mapepala akale, ndipo pepala lonena za kusamutsa thupi limatchula malo oyamba pamene munthuyo anakwiriridwa ndi anzake, amene kawirikawiri amakhala pafupi ndi pamene anafera.

Mukadziwa bataliyoni ndi tsiku la imfa, mukhoza kudziwanso zimene zinachitika tsikulo. Bataliyoni iliyonse inkalemba buku la zochitika tsiku ndi tsiku, ndipo mabuku amenewa ali ku The National Archives ku Kew, mu London. A ku Burma ndi Ceylon ali m'gulu la WO 172, a kum'mawa kwa Africa mu WO 169, a ku Madagascar mu WO 174. Tsamba lake limakhala ndi mizere ya malo, tsiku, ora ndi chidule cha zochitika. Ndikuchenjezeni pasadakhale kuti mkulu wachizungu akafa ankatchulidwa dzina, pamene asilikali athu kawirikawiri ankangowerengedwa, kuti atatu aphedwa, asanu avulala. Zimenezi zimapweteka powerenga. Komabe mudzadziwa phiri kapena mtsinje umene ankalimbirana, ndipo nthawi zina kumapeto kwa mwezi kumakhala mndandanda wa ovulala ndi akufa wokhala ndi nambala. Sikofunika kuti mupite ku London, pakuti mndandanda wa mabukuwa uli pa intaneti ndipo mukhoza kuitanitsa masamba a mwezi umene mukufuna, molipira.

Kuno lemberani ku likulu la Malawi Defence Force ku Kamuzu Barracks, pakuti bataliyoni yoyamba ya Keyala ndi imene inasanduka Malawi Rifles mu 1964, ku bungwe la asilikali opuma la VELOM, ndi ku National Archives of Malawi ku Zomba, kumene kuli makalata a ma DC amene ankayendetsa za kulemba asilikali ndi kupereka ndalama za omwalira kwa abale. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala ili ndi mabuku a mbiri ya Keyala. Kalata yanu ikhale yaifupi, yotchula mayina onse, nambala ngati ilipo, mudzi, mfumu, boma ndi chaka, ndi funso limodzi lomveka bwino. Mayankho amachedwa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso lanu lachiwiri ndi lolemera, ndipo sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chopanda maziko. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi a tengatenga pafupifupi 200,000, amene ankasenza chakudya ndi zipolopolo kuchokera kunyanja kulowa ku German East Africa ndi ku Mozambique, kutsatira mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, mpaka anagonja ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918. Ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo, njala ndi chimfine choopsa cha 1918, ndipo anakwiriridwa m'mbali mwa njira kapena kuseri kwa zipatala za m'misasa. Asilikali a Keyala oposa 1,000 amakumbukiridwa pa chipilala cha wotchi cha ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, choncho akadakhala msilikali tikanayambira pamenepo. Koma a tengatenga ambiri sanalandire mendulo, ndipo akuluakulu a nthawi imeneyo anagamula kuti manda a anthu akuda asaikidwe miyala ya mayina. M'malo mwake anamanga zipilala zopanda dzina ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam. Kuwonjezera apo, moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka za nkhondo.

Mu April 2021 bungwe la manda lija linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a kum'mawa kwa Africa ndi Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kuchokera pamenepo bungweli lakhala likufufuza mayina m'nyumba zosungira mapepala akale ndiponso kumva zimene mabanja akukumbukira. Kwa ine kupepesako kunachedwa kwambiri, koma ntchito imene yatsatira ndi yeniyeni, ndipo ikutanthauza kuti dzina limene silikupezeka lero likhoza kudzawonjezedwa. Ndikukulangizani kuti mulembe zonse zimene banja likudziwa za bambo a agogo anu, mayina awo, mudzi, mfumu imene inawapereka, kumene ananyamukira ndi kumene akuti anatsala, mufufuzenso m'mabuku a mishoni imene ankapemphera, pakuti mishoni zina zinkalemba za akhristu awo amene anafera kunkhondo, ndipo zonsezo muzitumize ku bungweli pamodzi ndi dzina la wachikulire amene anakuuzani.